Kupanga Maluwa ndi Zokongoletsa za Shuga pa Keke M'nyengo ya Chinyezi

Januwale wina ndinanyamula keke ya ukwati ya nsanjika zitatu kuchokera ku Lilongwe kupita ku Salima. Maluwa ake ndinawapanga sabata yathunthu, ndipo usiku woti mawa lake ndi ukwati ndinawabayiratu pa keke kuti m'mawa ndingonyamula. Titafika pa holo, mvula itangokata kumene ndipo dzuwa latulukanso, ndinatsegula katoni n'kupeza timasamba ta maluwa taweramira pansi ngati nkhwani wofota. Utoto wofiira unali utayamba kuyenderera pa fondant yoyera, phala la shuga lija timakutira keke. Ankhoswe akuchikazi anayang'ana keke, n'kundiyang'ana ine, n'kuti, "Mayi, keke tinagwirizana ija ndi imeneyi?" Ndinasowa chonena. Tsiku limenelo linandipweteka mtima kwambiri, chifukwa ukwati sabwereza, ndipo zithunzi zake anthu amakhala nazo moyo wonse.

Zimene ndalemba pansipa ndi mmene ndimagwirira ntchito kuchokera nthawi imeneyo. Mfundo yake ndi imodzi: shuga amakoka madzi a mumpweya, choncho chokongoletsa chilichonse chiyenera kuumitsidwa bwino, kutsekeredwa pouma, n'kukumana ndi keke pomalizira penipeni.

Yambani ndi kuona mpweya wa m'nyumba mwanu

Musanatsegule paketi ya shuga, dziwani kuti mpweya wa tsikulo uli ndi chinyezi chochuluka bwanji. Pali kachipangizo kakang'ono kotchedwa hygrometer, kofanana ndi wotchi ya pakhoma, kamene kamaonetsa chinyezi m'maperesenti. Sikadula kwenikweni, ndipo ndimakaona kuti n'kofunika ngati sikelo. Kakamaonetsa 50 kapena kutsika pamenepo, ntchito imayenda yokha. Pakati pa 60 ndi 70 zinthu zimauma mochedwa koma zimauma. Kupitirira 70, fondant imayamba kumata m'manja, ndipo shuga wophika amachita thukuta musanamalize n'komwe kumuumba.

Ngati mulibe kachipangizoka, mchere wa kukhitchini ukuuzani. Ukayamba kugwirana m'botolo, n'kumakana kutuluka, dziwani kuti ndi tsiku lovuta.

Kwathu kuno vutoli limakula m'dzinja, kuyambira Novembala kapena Disembala mpaka Epulo, ndipo limafika pachimake m'madera a m'mphepete mwa nyanja monga Salima, Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Mangochi. Koma anzanga a ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre musanyengeke ndi kuzizira kwa Juni ndi Julayi. Chiperoni chikabwera, nkhungu ija ndi madzi enieni, ndipo amalowa m'nyumba. Duwa limene likanauma usiku umodzi mu Seputembala limatha masiku atatu likadali lofewa.

Sankhani chipinda chimodzi chogwiriramo ntchito. Chisakhale khitchini imene mukuphikamo nsima kapena kuwiritsamo nyemba, chifukwa nthunzi yonseyo imathera mu shuga wanu. Chisakhalenso chipinda chimene mwayanikamo zovala pothawa mvula. Tsekani mawindo mvula ikamagwa ndiponso m'bandakucha, pamene mame ali pansi. Musakolope pansi tsiku limene mukuumitsa maluwa, kusesa n'kokwanira.

Sankhani chopangira choyenera nyengo

Fondant payokha sikuti inapangidwa kuti iume gwaa. Muli glucose ndi glycerine zimene zimaisunga yofewa kuti anthu adye bwino, ndipo zinthu zomwezo ndi zimene zimakoka chinyezi. Ndi yabwino kukutira keke, koma duwa lopangidwa ndi fondant yokha m'dzinja siliima.

Pa maluwa, mauta ndi tizidole gwiritsani ntchito gum paste, phala la shuga limene limauma n'kulimba. Mungathe kugula yopangidwa kale, koma ine ndimapanga ndekha posakaniza fondant ndi ufa wolimbitsa wa CMC, umene ena amautcha tylose. M'chilimwe ndimathira supuni ya tiyi imodzi yosasefukira pa magalamu 250 a fondant. M'dzinja ndimawonjezera kufika supuni imodzi ndi theka. Musapitirire pamenepo, chifukwa ufawo ukachuluka phalalo limang'aluka m'mbali mukamalitambasula. Kandani mpaka ufa usaonekenso, pakani mafuta oyera olimba a zophikaphika pang'ono kunja kwake, kulungani ndi pulasitiki kawiri, ndipo musiye usiku wonse. CMC amafuna nthawi kuti amwe madzi a mu fondant. Mukagwiritsa ntchito nthawi yomweyo mudzaganiza kuti sanagwire, n'kuwonjezera wina, mawa lake n'kupeza mwala.

Pa zinthu zoti ziime chilili, monga manambala a zaka, zilembo za maina, mtanda wa pa keke ya ubatizo kapena chipewa cha omaliza maphunziro, palibe choposa pastillage. Imauma ngati choko ndipo imapirira chinyezi kuposa zonse. Kapangidwe kake ndi aka. Thirani masupuni a tiyi awiri a gelatine m'madzi ozizira okwana mamililita 60, mudikire mphindi zisanu kuti afufume. Ikani kapuyo m'mbale ya madzi otentha mpaka gelatine asungunuke, asawire. Sefani magalamu 450 a icing sugar pamodzi ndi magalamu 50 a cornflour, kumbani kadzenje pakati, thiranimo gelatine uja, ndipo sakanizani n'kukanda mpaka phala lisalale. Likamata, wonjezerani icing sugar pang'onopang'ono. Pastillage imachita khungu msanga kwambiri, choncho dulani kachidutswa kamene mukufuna, kotsalako kakhale kokulungidwa. Dulani zimene mukufuna mwachangu ndi mpeni wakuthwa, muike pa bolodi yosalala yowazidwa cornflour, ndipo muzitembenuza pakatha maola angapo kuti mbali zonse ziume mofanana. Mukapanda kutembenuza zimapindika.

Royal icing, phala lofewa lofinyira timizere ndi tinsalu toluka pa keke, imafuna choyera cha dzira limodzi pa magalamu 200 mpaka 225 a icing sugar wosefa. M'dzinja ikhale yolimba kuposa mmene munazolowera, ndipo musathiremo glycerine.

Chenjezo limodzi pa icing sugar: musamusiye m'paketi yotsegula. Mukangogula, muthireni m'chigubu chotseka bwino. Shuga amene wayamba kale kuchita mibulu wamwa kale madzi, ndipo chilichonse chimene mungapange naye chimayamba chili chonyowa.

Utoto, manja ndi kaumbidwe

Utoto wamadzi wa m'timabotolo tija timathira m'makeke ndi wosayenera pa ntchitoyi. Dontho lililonse ndi madzi amene mukuwonjezera. Gwiritsani ntchito utoto wa gel kapena waufa. Mitundu yovuta kwambiri ndi yofiira, yakuda ndi yabuluu wakuda, chifukwa imafuna utoto wambiri, ndipo phala limafewa. Ine maluwa ofiira ndimawapanga motere: ndimapatsa phala mtundu wa pinki wakuda pang'ono, ndimaumba duwa, likauma ndimalipaka utoto waufa wofiira ndi kaburashi kouma. Limaoneka lofiira ndithu, koma mkati mwake ndi louma. Ngati mkwatibwi akufuna chofiira chenicheni chochita kuwala, gulani fondant yofiira kale m'malo molimbana nayo nokha.

Anthu ambiri anaphunzitsidwa kudutsitsa duwa pa nthunzi ya ketulo kuti utoto waufa ugwire n'kuwala. M'chilimwe palibe vuto. M'dzinja musayerekeze.

Powaza pa tebulo gwiritsani ntchito cornflour, osati icing sugar. Icing sugar akakumana ndi chinyezi amasanduka manyuchi, pamene cornflour amamwa madziwo. Mangani cornflour m'kansalu kopyapyala koyera ngati kathumba, muzingogunditsa pa tebulo kuti atuluke wochepa. Akachuluka amaumitsa phala mpaka kulichititsa makwinya.

Manja akhale ouma ndiponso ozizira. Ena a ife manja athu ndi otentha mwachibadwa, ndipo m'nyengo yotentha amachita thukuta. Sambani m'madzi ozizira, pukutani bwinobwino mpaka pakati pa zala, pakani kamafuta kolimba kaja pang'ono chabe, ndipo musafumbate phala nthawi yaitali. Dulani, umbani, ikani pansi.

Tambasulani timasamba ta duwa mopyapyala, moti muzitha kuona mthunzi wa chala chanu kuseri. Anthu amaganiza kuti tsamba lochindikala ndilo lolimba, koma m'chinyezi zimatembenuka: lochindikala limauma kunja kokha, mkati n'kukhala lonyowa, ndipo kulemera kwake kumaligwetsa. Koma zinthu zoima chilili zichindikale pang'ono, mamilimita atatu kapena anayi, ndipo muzipatse masiku okwanira.

Guluu womatira timasamba ndi nsonga ya supuni ya CMC m'masupuni aakulu awiri a madzi owiritsa ozizira, wosiyidwa usiku wonse. Apa ndi pamene ophunzira anga ambiri amalakwitsa. Amanyika burashi yonse n'kupaka ngati akumata envulopu. Burashi ingokhala yachinyontho. Igunditseni kaye pa kansalu musanakhudze tsamba. Mukaona malo opakawo akunyezimira, mwachulutsa.

Duwa lalikulu ngati rozi lipangeni m'magawo. Tsiku loyamba umbani kamutu ka pakati pa waya, kaume. Tsiku lachiwiri ikani timasamba ta mkati. Tsiku lachitatu ikani masamba akunja, ndipo mulipachike chozondoka kuti masamba asagwere kunja. Zikutanthauza kuti m'dzinja oda ya maluwa imafuna masiku asanu ndi awiri kapena khumi. Auzeni makasitomala poyera tsiku limene akupereka ndalama yoyamba. Munthu akabwera Lachinayi kufuna maluwa makumi awiri a Loweruka, mu Febuluwale, ndi bwino kumuuza zoona n'kumupatsa njira ina, monga maliboni a nsalu, kusiyana n'kumulonjeza chinthu chimene mpweya sungalole.

Kuumitsa

Kuumitsa kumafuna zinthu ziwiri: kutentha pang'ono ndi mpweya woyenda. Kutentha kwambiri kumafewetsa gum paste, ndipo dzuwa la pawindo limasulutsa utoto, makamaka wapepo ndi wapinki.

Njira imene imandithandiza kwambiri ndi bokosi loumitsira. Pezani katoni yaikulu yolimba kapena kabati yaing'ono yamatabwa. Ikanimo babu lakale lija lotentha, la mawati 40, mu chogwirira chake chabwino, litalikirane ndi makoma a katoni ndiponso ndi maluwa pafupifupi chikhatho chimodzi ndi theka. Mababu a LED amene tili nawo m'nyumba masiku ano satentha mokwanira, choncho sathandiza. Boolani timabowo pamwamba pa bokosi kuti mpweya wonyowa uzituluka. Mukalowetsa dzanja muzimva kufunda chabe, ngati mthumba la malaya. Ngati ndi katoni, musalisiye babu likuyaka mukuchoka pakhomo kapena mukukagona.

Amene muli ndi uvuni wamagetsi wokhala ndi nyale mkati, yatsani nyale yokhayo, uvuni osayatsa, ndipo muike thireyi ya maluwa mmenemo chitseko chili chotsegula pang'ono. Matani pepala pa batani lolembedwa kuti musayatse. Mnzanga wina mwana wake anabwera kusukulu n'kuyatsa uvuni kuti afunditse chakudya, maluwa a sabata yonse n'kusanduka phala.

Fani imathandizanso, bola izizungulira pang'onopang'ono ndipo isaloze maluwa mwachindunji ali ofewa. Dziwani kuti fani siichotsa chinyezi m'chipinda, imangoyendetsa mpweya. Tsiku limene hygrometer ili pa 85, fani yokha siikwanira. Iphatikizeni ndi kufunda kwa babu. Amene ali ndi air conditioner kapena makina ochotsa chinyezi ali ndi mwayi, chifukwa zimenezo zimaumitsadi mpweya wa m'chipinda.

Magetsi akazima, mbaula ingakuthandizeni, koma mosamala. Dikirani makala apse mpaka atuwe, utsi utatha, ndipo thireyi ikhale pa tebulo patali ndi mbaula, pamene pakungofika kutentha pang'ono chabe. Chitani zimenezi pamalo podutsa mpweya, osati m'chipinda chotseka, chifukwa mpweya wa makala umapha munthu mwakachetechete. Pa mbaulapo pasakhale poto wa madzi.

Maluwa aziuma atakhala pa chinthu chopuma: siponji yoyera, thireyi ya mazira ya pepala yoyalidwa tishu, kapena cornflour wothiridwa m'mbale. Pa pulasitiki kapena pa mbale ya galasi, pansi pake sipauma. Kuti mudziwe ngati duwa lauma, ligogodeni pang'ono ndi chikhadabo. Louma limalira ngati chikamba cha dzira. Likamveka ngati chikopa, libwezereni m'bokosi.

Kusunga zimene zauma

Apa ndi pamene ntchito ya ambiri imaonongekera. Duwa likauma sikuti lathana ndi chinyezi. Mukalisiya pa tebulo usiku umodzi wa mvula, limamwanso madzi n'kufewa. Choncho likangouma, litsekereni m'chigubu cha pulasitiki chokhala ndi chivindikiro chogwira bwino, pamodzi ndi chinthu chomwa chinyezi.

Chabwino kwambiri ndi silica gel, timikanda tija timapezeka m'timapaketi ta m'mabokosi a nsapato ndi a zipangizo zamagetsi. Pa zakudya gulani yatsopano, yoti sinakhalepo mu nsapato. Yalani timapaketi pansi pa chigubu, ikani pepala lolimba kapena siponji pamwamba pake, kenaka maluwa. Silica isakhudze chinthu chimene munthu adzadye. Ikakhuta madzi imasiya kugwira ntchito, koma mungaiumitsenso: khuthulani timikanda pa thireyi, ikani mu uvuni pa madigiri 120 kwa ola limodzi kapena awiri, ndipo ikazizira ibwezereni m'chigubu.

Mpunga wosaphika umathandiza pang'ono ngati mulibe china, makamaka mukayamba mwaukazinga pang'ono kuti uume, koma mphamvu yake ndi yochepa poyerekeza ndi silica. Laimu wopakira nyumba musavutike naye. Anamwa kale madzi ake.

Chinthu chosauma musachitsekere. M'chigubu chotseka, chinyezi cha duwa limodzi lonyowa chimagawikana kwa anzake onse. Ndipo maluwa a shuga asalowe mu furiji ngakhale tsiku limodzi.

Shuga wophika: magalasi, nsalu za shuga ndi ubweya

Zokongoletsa zowala ngati galasi zimene zatchuka masiku ano, zija zimaima pamwamba pa keke ngati funde kapena lawi la moto, ndi zimene zimaopa chinyezi kuposa zonse. Shuga akaphikidwa mpaka madzi onse atatuluka amakhala ndi ludzu lalikulu, ndipo amayamba kumwa madzi a mumpweya akangozizira. Poyamba amamata, kenaka amachita mbuu, pomaliza amadontha.

Ngati mukugwiritsa ntchito shuga wamba, akhale woyera, osati wabulauni. Ikani magalamu 500 m'poto woyera wochindikala pansi, thirani madzi mamililita 200, ndipo tenthetsani pa moto wochepa mukutakasa mpaka shuga yense asungunuke. Akayamba kuwira thirani magalamu 100 a glucose wamadzi, wokhuthala ngati uchi, siyani kutakasa, ndipo kwezani moto. Pukutani m'mbali mwa poto ndi burashi yonyowa kuti timibulu ta shuga tisagweremo. Kuphika kukhale kwachangu. Shuga wowira nthawi yaitali pa moto wofooka amasanduka wachikasu ndiponso amamata msanga.

Shuga amafika polimba ngati galasi pa madigiri 149 mpaka 154. M'dzinja ine ndimafikitsa pa 155 kapena kupitirira pang'ono, kuti madzi otsalira achepe, koma osafika 160 ngati ndikufuna woyera, chifukwa kuyambira pamenepo amayamba kusintha mtundu. Yesani kaye thermometer yanu m'madzi owira. Ku Lilongwe, komwe kuli pamtunda wa mamita oposa 1,000, madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97, osati 100, ndipo kusiyanako muchotsere pa nambala imene mukufuna. Kunyanja kusiyanaku n'kochepa. Ngati mulibe thermometer, donthezani shuga pang'ono m'kapu ya madzi ozizira. Akalimba nthawi yomweyo n'kuthyoka kuti thyo mukamupinda, wapsa. Akamapindika ngati chingamu, sanafike.

Maphikidwe ambiri amati muthire madzi a ndimu. Ndimu amaletsadi shuga kuchita mibulu, koma amachita zimenezo pomuswa kukhala glucose ndi fructose, ndipo fructose ndi amene amakoka chinyezi kwambiri. Choncho m'dzinja madontho atatu kapena anayi akwana, ndipo muwathire kumapeto. Ngati mukungothira shuga pa mphasa ya silicone, yonga mphira yopirira kutentha, osati kumukoka kuti muumbe, ndimu musiyeni. Glucose uja ndi wokwanira.

Kunena zoona, amene mumalandira maoda a mtunduwu kawirikawiri, gulani isomalt. Imapangidwa kuchokera ku shuga womwe, koma imakoka chinyezi pang'onopang'ono kwambiri, ndipo siisintha mtundu msanga pa moto. Ndi yodula, koma simubwereza ntchito kawiri. Isungunuleni pa moto wapakati mpaka madigiri 170, chotsani, thirani utoto wa gel pang'ono, dikirani thovu lithe, ndipo muthire pa mphasa ya silicone. Ikayamba kulimba m'mbali, nyamulani mphasayo n'kuiyanika pa botolo kapena pa mbale yozondoka, n'kupana makwinya ake ndi mapegi a zovala kuti itenge maonekedwe a funde. Ikazizira, sendani mphasa pang'onopang'ono, ndipo nthawi yomweyo ilowe m'chigubu cha silica. Musaigwire ndi manja opanda magolovesi chifukwa zala zimasiya zidindo. Auzeni eni keke kuti ana asadye isomalt yambiri; imatsegula m'mimba.

Ngakhale isomalt imachita mbuu ikakhala panja tsiku lonse la mvula. Kupopera confectioner's glaze, vanishi yodyedwa, mbali zonse kumaitchinjiriza maola angapo owonjezera.

Ubweya wa shuga, timaulusi topyapyala tija timakulungidwa ngati chisa cha mbalame, m'dzinja sindilandira oda yake pokhapokha ngati ndikaupangira pamalo pomwepo, keke itatsala pang'ono kudulidwa. Kunyanja umatha kusungunuka ola lisanathe.

Shuga wa madigiri 150 amawotcha kuposa madzi owira, ndipo amamatirira pakhungu. Ana atuluke m'chipinda, mbale ya madzi ozizira ikhale pambali panu musanayatse moto. Mukapsa, nyikani kapena tsirani madzi ozizira kwa mphindi 20. Musapake mafuta, mankhwala otsukira mano kapena dzira.

Keke yeniyeniyo

Keke nayo ili ndi madzi, ndipo imawapereka kwa chilichonse chimene chaikhudza. Pansi pa fondant ndimakonda ganache (chokoleti chosakaniza ndi kirimu) kuposa buttercream (batala wosakaniza ndi icing sugar) m'nyengoyi, chifukwa imalimba ndipo siitulutsa chinyezi chambiri. Pa chokoleti chakuda, magawo awiri a chokoleti pa gawo limodzi la kirimu. Pa choyera, magawo atatu, ngakhale anayi kumalo otentha ngati ku Chikwawa ndi Nsanje. Ipakeni madzulo, ilimbe usiku wonse, mawa lake mukute fondant.

Keke yokutidwa ndi fondant ikatuluka mu furiji n'kukumana ndi mpweya wofunda wachinyezi, imachita thukuta ngati botolo la Fanta lozizira. Ngati zamkati mwake sizifuna furiji, isiyeni m'katoni m'chipinda chozizira bwino. Ngati ikuyenera kulowa mu furiji, iikeni m'katoni yotseka, katoniyo muikulunge ndi pulasitiki. Potulutsa musatsegule, dikirani maola awiri kapena atatu kuti keke ifunde ili mkati, thukuta ligwere pa katoni osati pa fondant. Mukapeza yanyowabe, musaikhudze kapena kuipukuta, chifukwa chala chimasiya chipsera chosachoka. Iikeni patsogolo pa fani, iuma yokha.

Ulendo ndi kuika maluwa

Keke iyende payokha, maluwa payokha. Maluwa akhale m'chigubu chawo chotseka, atakhazikika pa siponji kuti asagundane m'mabampu, ndipo mutenge owonjezera atatu kapena anayi chifukwa ena amathyoka ndithu. Keke ikhale pansi posalala m'galimoto, osati pa mpando kapena pamiyendo, ndiponso kutali ndi dzuwa la pawindo.

Funsiranitu kwa a komiti ya ukwati kuti keke idzakhala pati ndipo idzadulidwa nthawi yanji. Kwathu kuno perekani-perekani amatenga maola, ndipo keke imakhala pa tebulo kuyambira masana mpaka madzulo. Ngati mwambo uli panja kapena mu tenti pa kapinga wonyowa, pemphani kuti tebulo la keke likhale pamthunzi, kutali ndi m'mbali mwa tenti momwe mumadontha madzi. Ine ndimawauza amayi a komiti kuti, "Amayi, keke ndibweretsa m'mawa, koma maluwa ndidzaika anthu akamachokera kutchalitchi." Poyamba ena amadandaula poona keke yopanda kanthu, koma mukawafotokozera chifukwa chake amamvetsa.

Pobaya maluwa, waya asalowe mu keke mwachindunji. Dulani kapaipi ka pulasitiki komwera zakumwa, kabayeni mu keke, waya alowe mmenemo. Zimenezi zimateteza odya, komanso zimaletsa chinyezi cha keke kukwera m'tsinde la duwa. Ngati keke ndi ya buttercream yopanda fondant, pakani chokoleti choyera chosungunula kuseri kwa duwa lililonse kapena pansi pa nambala, chiume, ndiye muike. Chokoleticho chimatchinga pakati pa shuga ndi kirimu. Galasi la shuga kapena la isomalt likhale lomalizira kuikidwa, mphindi zochepa alendo asanalowe.

M'chikwama chanu musasowe royal icing pang'ono m'kathumba kofinyira, kaburashi kouma, cornflour, kampeni, magolovesi ndi tishu. Mukamaliza kuika zonse, jambulani keke mbali zonse, muitane mmodzi wa a komiti aione ili bwinobwino, ndipo mumuonetse maluwa amene ali ndi waya kuti adzawazule asanayambe kudula.